Andiuze kaye chimene ndinalakwa

Amalume anga anali ndi kachizolowezi kena komwe kankatiseketsa tili ana. Galimoto ikaima kumsewu usiku, iwo ankasiya chilichonse n'kuvala nsapato. Kaya ali pakati pa nsima, ankasamba m'manja, kuwerama, kumanga zingwe bwinobwino, kenako n'kukhala duu atatchera khutu. Galimoto ija ikalira n'kumapita, ankavula nsapato zija n'kubwerera pa mbale ngati palibe chachitika. Ife tinkangotsinana pamkeka, kusekera m'mimba, poti azakhali akakuona mano ali pamtunda unkagona ndi khofi.

Chifukwa chake ndinadzachimva ndili ku sekondale. Usiku womwe anadzawatenga, mu 1975, nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, anthu atatu omwe anabwera ndi galimoto anati, "Tiyeni mukangoyankha mafunso awiri atatu, mubwera pompano." Amalume anatuluka ndi mapazi okhaokha. Anabwerako patatha miyezi 22.

Nthawi imeneyo anali kalaliki pa kampani ina ku Limbe. Kukhoti sanaonekereko, mlandu palibe anawawerengera, ndipo tsiku lotuluka, mu 1977, anangouzidwa kuti azipita kwawo akakhale chete. Ntchito inali itatha kalekale. M'nyumba ya kampani azakhali anatulutsidwamo sabata isanathe, ali ndi ana anayi, wina ali kumsana, ndipo anakweza miphika ndi zofunda pa lole mpaka kumudzi ku Dedza. Kumudziko nako anthu ankawalambalala. Akafika pachitsime, amayi anzawo aliyense ankakumbuka mwadzidzidzi kuti wasiya ndiwo pamoto. Sikuti ankadana nawo ayi. Kupezeka ukucheza ndi mkazi wa "chigawenga" kunali kudziitanira galimoto yomwe ija. Mwana wawo woyamba, msuweni wanga, yemwe aphunzitsi ankati mutu wake ndi wa ku Chancellor College, anasiyira Sitandade 7 n'kukwatiwa.

Anthu atavota pa referendamu ya pa 14 June 1993, kenako pa chisankho cha May 1994, malamulo aakulu atsopano a dziko lino anakhazikitsa bwalo lapadera, National Compensation Tribunal, loti limve madandaulo a anthu omwe anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi n'kuwapatsa chipukuta misozi. Nkhaniyi inafika kwathu pa wailesi, ndipo inabutsa mkangano m'nyumba mwa amalume womwe sunathe mpaka iwo analowa m'manda. Tsiku lina ndili pa holide, ndikutongola chimanga pakhonde, ndinawamva azakhali akuyambitsa nkhaniyo kwa amalume.

"Bambo, anzanu onse akupita kukalembetsa. Inu mukudikira chiyani?"

"Apite. Ine andiuze kaye chimene ndinalakwa."

"Chimene munalakwacho tidya? Denga ili likudontha, mukuliona?"

"Anabanda, munthu akakupatsa ndalama osakuuza mlandu wake, ndiye kuti wagula pakamwa pako."

"Pakamwa panupo mwalankhulapo chiyani zaka zonsezi? Bola agule, tipezepo malata."

Amalume sanayankhe. Anatenga kawailesi kawo n'kukakhala pansi pa mango.

Ine ndinali mbali ya azakhali, ndipo ndinali nayo mtima wonse. Ndinkaona kuti amalume akungochita matama a umphawi. Lero ndili ndi zaka zoposa zomwe iwo anali nazo powatenga, ndimaphunzitsa Social Studies pa sekondale ina yoyendera, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ufulu wachibadwidwe mkangano wa pakhonde uja umandibwerera.

Pa bolodi ndimalemba zinthu zokongola. Gawo 15 la malamulo aakulu limati nthambi zonse za boma, aphungu ndi makhoti omwe, ziyenera kulemekeza ndi kuteteza ufulu wa munthu. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu mwa mtundu uliwonse. Gawo 42 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndikafika pamenepa ndimawerengera chamumtima kuti m'miyezi 22 muli maola 48 angati. Kenako pali gawo 41, lomwe limati aliyense yemwe ufulu wake waphwanyidwa ayenera kupeza thandizo lenileni kukhoti, ndi gawo 46, lomwe limapatsa khoti mphamvu yolamula kuti cholakwikacho chikonzedwe ndiponso kuti wolakwiridwayo alipidwe. Ana amakopera, amaloweza, pa mayeso amakhoza. Udindo wa boma suthera pa kusunga manja ake okha. Anthu achialubino akamasakidwa ngati nyama, monga zakhala zikuchitikira kuyambira cha mu 2014, kapena agogo anayi akaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, monga zinachitikira ku Neno mu January 2016, si boma lomwe lagwira chikwanje, koma ndi boma lomwe limayenera kuteteza, kufufuza ndi kutengera olakwa kukhoti. Likapanda kutero, nalo lili ndi mlandu.

Tsono Tribunal ija inatha bwanji? Apa ndi pomwe ndimasiya choko n'kukhala patebulo. Malamulo omwewo, pa gawo 138, anatseka khomo la makhoti wamba: munthu wodandaula za nkhanza za boma lakale sankaloledwa kukasuma kwina kulikonse asanadzere ku Tribunal. Ndipo gawo 145 linaipatsa moyo wa zaka 10 zokha. Mu 2004 inatseka zitseko, mafayilo zikwizikwi ali osatha. Ambiri omwe analandirako kanthu analandira kandalama koyambira, kongogwirizira, podikira ndalama yeniyeni yomwe sinabwere. Omwe anatsala anapezeka ali panja pa makomo awiri, onse okhoma. Mu 2017 Ombudsman (wofufuza madandaulo a anthu pa maofesi a boma) wa nthawiyo, a Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lotchedwa Malawi's Unhealed Wounds lomwe linanena poyera kuti boma linawasiya anthuwa padzuwa. Pa nthawi imeneyo n'kuti ambiri mwa iwo atamwalira. Ganizirani anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi omwe anakokedwa kupita kundende pafupifupi mudzi wonse, a Mboni za Yehova omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 n'kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zikuyaka kumbuyo, ndi ena omwe analandidwa masitolo, minda ndi magalimoto pansi pa lamulo la Forfeiture Act. Aliyense wa iwo anali ndi denga lake lodontha.

Nditawerenga zimenezi ndinati mwina amalume anangodzipulumutsa ku maulendo a basi opanda phindu. Koma si chifukwa chake anakana. Iwo ankafuna chinthu chomwe sichinali pa fomu iliyonse.

Kwathu ng'ombe zikadya mmera m'munda mwa munthu, mlandu umapita kwa a nyakwawa. Funso loyamba silikhala lakuti alipire zingati. Amafunsa kuti ng'ombezo ndi za yani, ankaweta ndani tsikulo, zinalowera pati. Mwini ng'ombe amaimirira pabwalo, mudzi wonse ukumuona, n'kuvomera ndi pakamwa pake. Akatero ndiye pamabwera za matumba a chimanga kapena mbuzi, ndipo mbuziyo imachokera m'khola mwake, amaikoka yekha ndi chingwe kudutsa pakati pa mudzi. Ngati mwana wa mwini munda anagundidwa ndi ng'ombe pothamangitsa, ndalama ya kabaza wopita naye kuchipatala imachokera komweko. Pomaliza amfumu amati, "Mukakonze kholalo, tisadzamvenso." Mu December 2005 mayiko a mu United Nations anagwirizana mfundo za momwe munthu wophwanyiridwa ufulu ayenera kuthandizidwira: abwezeredwe zomwe analandidwa, alipidwe pa zomwe sizingabwezedwe, athandizidwe kuchira m'thupi ndi m'maganizo, choona chiululidwe ndi kupepesa ndi kulanga wolakwa, ndipo pakonzedwe polowera ng'ombe. Nditaziwerenga koyamba ndinaseka ndekha m'sitafu, chifukwa a nyakwawa athu, omwe sadziwa kuti maofesi a United Nations ali kuti, amachita zonsezi pansi pa mtengo Loweruka limodzi.

Boma lathu likalakwa limadumpha zonsezo n'kuthamangira pa mbuzi, ikakhala kuti mbuziyo yapezeka. Ndipo mbuzi yake imachokera m'khola la tonse. Chipukuta misozi ndi ndalama ya msonkho, womwewo umene wolakwiridwayo amadula akagula shuga kapena mayunitsi. Wamenya uja thumba lake silikhudzidwa, mwinanso amusamutsira ku polisi ina, mwinanso akwezedwa. Musandimve molakwa: boma liyenera kulipira ndithu, chifukwa ndi lomwe linamuveka yunifolomu, kumupatsa mfuti ndi galimoto. Koma mlandu womwe mwini ng'ombe sanaimirire pabwalo, kwathu timati sunathe.

Chonamizira china chomwe timachimva boma likasintha n'chakuti "sitinali ife". Nkhani imeneyi inaweruzidwa kale, ndipo inaweruzidwira pa mlandu wa Malawi yemweyu. Mu ulamuliro wa Dr Banda, a Aleke Banda anakhala m'ndende zaka 12 popanda mlandu. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagwidwa mu 1981, kuweruzidwa ku bwalo la mafumu lomwe silinkalola loya, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Madandaulo awo anafika ku African Commission on Human and Peoples' Rights ku Banjul, ndipo pomwe chigamulo chinkatuluka n'kuti kuno boma litasintha. Bungwelo linati kusintha kwa boma sikufafaniza mlandu: wolowa m'nyumba amalowa ndi ngongole zake zomwe. Makolo athu ankangoti mlandu suola.

Pa nkhani zonse za masiku ano, ya ku Msundwe ndi yomwe imandisowetsa tulo, mwina chifukwa ndimadutsako ndikamapita ku Mchinji ndipo amayi ogulitsa tomato ndi kachewere m'mbali mwa msewu uja ndimawaona nkhope. Pa 8 October 2019, mkati mwa zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho, wapolisi wina, a Usumani Imedi, anagendedwa mpaka kufa pa Msundwe. Imeneyo inali imfa yoipa, ndipo banja lawo nalo linali ndi ufulu woona chilungamo. Koma zomwe zinatsatira sizinali kufufuza. Apolisi analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, kuponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba ndi m'masitolo, amuna n'kuthawira kutchire. Ena mwa amayi ndi atsikana omwe anatsala anagwiriridwa, ena pamaso pa ana awo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission (MHRC) linafufuza n'kutulutsa lipoti chaka chomwecho chisanathe, lotsimikiza kuti zinachitikadi. Amayi 18, mothandizidwa ndi Women Lawyers Association, anatengera nkhaniyi ku Khoti Lalikulu, ndipo mu August 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti apolisi analephera udindo wawo, kuti amayiwo alipidwe, komanso kuti pachitike kafukufuku weniweni woti olakwa amangidwe.

Chigamulocho chinali ndi miyendo iwiri. Mwendo wa ndalama unayenda, ngakhale motsimphina. Kenako dziko lonse linatembenukira ku mkangano wa ndalama za maloya, K255 miliyoni yomwe khoti linayamba lawerengera, yoposa zomwe amayi onse 18 anapatsidwa pamodzi, ndipo inadzatsitsidwa boma litadandaula. Pa Facebook anthu anakangana masabata, wina uku akutukwana maloya, wina uku akuwaikira kumbuyo, ena mpaka kuyamba kunena kuti amayiwo anangopeka nkhani kuti adye ndalama za boma. Mwendo wachiwiri uja, wa kumanga olakwa, unangoti zii. Zaka zotsatirazo zinadutsa osaona wapolisi ndi mmodzi yemwe ataimirira m'bokosi kuyankha mlandu wogwiririra amayi aja.

Ndiye taganizani za mayi mmodzi mwa iwo. Mudzi wonse ukudziwa chomwe chinamuchitikira. Mudzi wonse ukudziwanso kuti walandira ndalama, kotero achibale ayamba kubwera ndi mavuto awo. Mwina banja linagwedezeka, poti amuna ena amalephera kupirira chinthu chomwe sichinali cholakwa cha mkazi wawo. Ndipo munthu yemwe anamuchita chipongwe, yemwe nkhope yake amaikumbuka bwino kuposa ya wina aliyense, akhoza kukumana naye pa rodibuloko mawa, atanyamula mfuti, akumufunsa zomwe zili m'chikwama. Popanda wolakwa wodziwika ndi dzina, ndalama ija imasanduka umboni womutsutsa mayiyo: anthu amati, ngati zinachitikadi, bwanji palibe anamangidwa? Pamenepa ndi pomwe ndinayamba kuwamva amalume. Ndalama yopanda dzina la wolakwa imamusiya munthu ndi mlandu m'manja mwake.

Kuti zimatheka, zinatheka pa nkhani ya a Buleya Lule. Iwo anamangidwa mu February 2019 powaganizira kuti akudziwapo kanthu pa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, ndipo anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Kupima thupi kunaonetsa kuti anazunzidwa, mpaka ndi magetsi. Anthu ambiri nthawi imeneyo ankati zake zimenezo, wakuba ana. Koma khoti linali lisanawapeze wolakwa, ndipo chilichonse chomwe ankadziwa kapena sankadziwa anapita nacho kumanda, kotero amene anawapha analanda choona kwa mabanja awiri. Kumapeto kwa 2024 Khoti Lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa imfayi. Panatenga zaka pafupifupi 6, lipoti la MHRC, ndi anthu omwe anakana kutopa. Ndi nkhani imodzi pakati pa zambiri. Anthu 20 omwe anafa pa zionetsero za 20 July 2011, ena mwa iwo ali m'manda a Zolozolo ku Mzuzu, anawapangira komiti yofufuza. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe anapezeka atafa mu September chaka chomwecho, naye anamupangira yake, ndipo inapeza kuti anachita kuphedwa, sanadziphe monga ankanenera apolisi. Malipoti timalemba abwino kwambiri kuno. Kumene amakagona ndi komwe kuli nkhani.

Nanga munthu wamba yemwe nkhani yake sinatuluke m'nyuzipepala? Tinene kabaza yemwe watsekeredwa m'chitokosi masiku 9, watuluka khutu limodzi silikumva, mlandu palibe. Umboni wake woyamba ndi lipoti la dokotala, ndipo kuchipatala kawirikawiri amayamba afunsa kalata ya kupolisi, kutanthauza kuti abwerere pa kauntala pomwe paja kukapempha kalata yodzawasumira eni kauntalayo. Akadutsa pamenepo afunika loya. Legal Aid Bureau ilipo ndipo imathandiza ulere kapena motchipa, koma maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi mulu wa mafayilo, ambiri mwa iwo a anthu omwe ali pa limandi. Asanasumire boma, lamulo limati ayambe wapereka chidziwitso cha miyezi itatu kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma. Mlandu ukayamba umayenda ndi kuimitsidwa, lero jaji wapita ku msonkhano, mawa fayilo sikuoneka, ndipo tsiku lililonse lotere ndi tsiku lomwe njinga yagona. Akapambana, pamakhalanso tsiku lina lowerengera ndalama, kenako kudikira kuti Capital Hill itulutse. Ali chidikirire, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yomwe tsiku la chigamulo ikanagula njinga yamoto imafika yokwana matayala.

Makomo ena osalipira alipo, ndipo ana anga a sukulu ndimawauza kuti awadziwe ngati momwe amadziwira njira ya kumsika: Ombudsman, MHRC, ndi Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi. Bungwe lomalizali lamulo la apolisi linalilonjeza mu 2010, koma linakhazikitsidwa mu 2020. Zaka 10 khomo lili pa pepala pokha. Ndimawauzanso tinthu ting'onoting'ono tomwe timapulumutsa mlandu: kulemba tsiku ndi ola, kujambula mabala asanapole, kusunga buku la kuchipatala, kutenga nambala za omwe munali nawo m'chitokosi asanabalalike. Zimandiwawa kuphunzitsa mwana wa Fomu 3 zimenezi, koma wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, ndipo m'dziko muno wolakwiridwa ndiye amasenza mlandu wake pamutu kuchoka nawo ofesi iyi kupita ofesi iyo, pomwe malamulo amati katunduyo ndi wa boma.

Ndibwerere pansi pa mango paja. Kawailesi ka amalume kankakoka Channel Africa ya ku Johannesburg m'Chinyanja, ndipo mu 1996 ankatsatira kwambiri za komiti ya Desmond Tutu ku South Africa, komwe apolisi akale ankaimirira pagulu n'kufotokoza yemwe anamupha, komwe anamukwirira, ndi yemwe anawatuma. Kumenekonso ndalama zinadzakhala zochepa, R30,000 pa munthu, ndipo ambiri anadandaula. Koma mayi ankatuluka m'holo akudziwa pomwe pali mafupa a mwana wake. Ife kuno komiti yotere sitinakhale nayo. Chomwe tinali nacho ndi kafukufuku wa imfa za ku Mwanza: nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, ndi phungu a David Chiwanga, omwe mu May 1983 tinauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani. Komiti ya Jaji Mtegha inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, galimoto n'kungokankhidwira kuphedi. Mlandu unazengedwa mu 1995 ndipo Dr Banda, a John Tembo ndi anzawo anapezeka osalakwa. Mu January 1996 Dr Banda anatulutsa uthenga wopepesa mtundu wa Amalawi, koma unali wopachikidwa pa mawu akuti "ngati": ngati alipo omwe anavutika, ngati ena anachita zoipa m'dzina lawo. Pabwalo la a nyakwawa, munthu akati "ngati ng'ombe zanga zinadya", amamuuza kuti akhale pansi ayambirenso.

Ngakhale zinatha choncho, mabanja anayi aja anamva choona patatha zaka 11, ndipo dziko linaleka kunena kuti inali ngozi. Amalume ankaziona zimenezi. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi osamba anandiuza kuti, "Naphiri, aja anali nduna, n'chifukwa chake anawafufuzira. Kalaliki angamufufuzire ndani?" Ndinawafunsa kuti kodi iwo akuganiza kuti chinachitika n'chiyani. Anati akhala akuchisinkhasinkha zaka 20. Mwina ndi mawu ena omwe analankhula pa mowa, onena za mtengo wa khadi la chipani. Mwina ndi mnzawo wa mu ofesi yemwe ankafuna mpando wawo, poti anaukhaladi. Mwina anasokoneza dzina ndi munthu wina. Anthu atatu osiyana ankawakayikira, ndipo onse atatu anasiya kuwapatsa moni, podziwa kuti awiri mwa iwo, mwinanso onse, ndi osalakwa. "Ndadana ndi anthu osalakwa chifukwa chosadziwa," anatero. "Chimenecho ndiye andilipira zingati?"

Malo omwe zinkachitikira nawo tawafufuta mwakachetechete. Dzaleka ndi kampu ya anthu othawa kwawo kuyambira 1994, ndipo ana anga a sukulu amadabwa ndikawauza kuti inali ndende ya andale. Ndende ya andale ya Mikuyu inatsekedwa boma litasintha, panamveka zoti ikhale malo a chikumbutso, lero ndi ndende kachiwiri. Ndikawafunsa ana 60 m'kalasi kuti ndani ali ndi wachibale yemwe anatsekeredwa nthawi imeneyo, manja sakwera. Sabata yotsatira amabwera mmodzimmodzi ku sitafu, atakafunsa kunyumba, kudzandinong'oneza kuti madamu, agogo anga akuti nawonso.

Amalume anamwalira mu 2008, matenda a shuga. Nsapato zawo zinali pansi pa bedi, zingwe zomasula kale, zoyang'anitsa kukhomo. Denga lija anadzalikonza ndi mdzukulu wawo, mwana wa msuweni wanga uja wa Sitandade 7, ndi ndalama za ku Joni.

Azakhali alipo, maso ayamba kuchita khungu koma mutu uli bwinobwino. Pa Khirisimasi yapitayi anandiitanira kuchipinda n'kutulutsa jumbo yomwe ndinali ndisanaionepo. Munali kalata yowachotsa ntchito amalume, ya mizere itatu, yonena kuti sanabwere ku ntchito masiku 7 popanda chifukwa. Munalinso chiphaso chawo cha pa kampani, chithunzi chili ndi tayi.

"Naphiri, iwe wa zamalamulo, fayilo ya malume ako ingakhalepo kwinakwake?"

Ndinawauza kuti ine si wa zamalamulo, ndine mphunzitsi chabe, koma pali lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, lopatsa munthu ufulu wopempha zomwe maofesi a boma akusunga. Ndinati tikhoza kulemba kalata, ngakhale sindingalonjeze kuti chiswe chinasiyako kanthu.

"Lemba," anatero. "Uwafunse chimene analakwa. Ndikapita ndikamuuze, asiye kundivutitsa kutulo."

Ndinatenga kope la mdzukulu wawo wina, n'kung'amba pepala pakati, kukhala pamphepete pa bedi. Ndinalemba dzina la amalume, chaka, mwezi, malo omwe anawatengera, n'kuwawerengera mokweza. Anamvetsera maso ali chitsinzinire, akugwedeza mutu. Nditafika pa "Ine wanu" anandigwira dzanja.

"Usanatseke. Ufunsenso za penshoni."